Mbande Zakula, Yankho Silinabwere

Amayi anga okondedwa,

Kodi kumeneko mwaswera bwanji? Kuno ku Kaporo mvula yagwa kuyambira m'mawa, yangokata kumene dzuwa litapendeka. Ndakhala pakhonde, pepala lili pabondo, koma miyendo ikukana kukhazikika. Ndikalemba pang'ono ndikumaimirira kuyang'ana kumsewu.

Ndiyambe ndi zabwino. Akazi a achimwene Lusekelo anachira bwino, mwana wamkazi. Makutu ndi anu enieni. Ng'ombe yanu yamawanga ija nayo inabereka. Nthochi za kuseri zinagwa ndi mphepo, moti tadya mbalagha, nthochi zophika zija, mpaka kutopa nayo.

Koma chimene chandilembetsa ndi ichi. Kuchipatala cha boma ankafuna atsikana osamalira odwala: kuwasambitsa, kuyala mabedi, kukolopa. Sitandade eyiti inali yokwanira. Aphunzitsi aakulu a pasukulu pathu ndiwo anandiuza, ndipo Khirisimasi itangopita ndinakwera basi kukafunsidwa mafunso. Ndinavala chitenje chanu chobiriwira. Pakhomo anayamba aona khadi la chipani, kenaka tinakhala pabenchi atsikana ambirimbiri, ena olankhula Chichewa chosalala ngati cha pawailesi.

Mukundidziwa, amayi. Nditalowa ndinagwada pansi monga munandiphunzitsira. Munali abambo awiri ndi amayi ena ovala zoyera, onse a kumwera. Amayiwo anati, "Dzuka mwanawe, khala pampando. Tiyang'ane, sitiluma." Atandifunsa ngati ndingagwire munthu wodwala kwambiri osachita nseru, ndinangoti, "Ndinasambitsa amayi anga mpaka tsiku lomaliza." Zina zonse zinatsalira pakhosi: mmene ndinkakutembenuzirani kuti musatuluke zilonda, mmene munkakanira phala ndikapanda kuyamba ndalawa ine. Anadikira kuti ndiwonjezere. Sindinawonjezere. Amayiwo analemba kanthu, nati yankho lidzabwera pakalata. Kanthu kameneko ndiko kakundisowetsa mtendere. Analemba kuti chiyani?

Makalata athu amafikira kusukulu. Ndapitako mpaka ndayamba kuchita manyazi. Aphunzitsi akangondiona pansi pa mtengo wa mango amapukusa mutu ndisanapereke n'komwe moni. Sabata yatha mtsinje unasefukira, basi inabwerera panjira, ndiye ndinkadzitonthoza kuti kalata yanga yatsakamira tsidya lija. Kenaka ndinamva kuchitsime kuti mtsikana wina wa ku Iponga anamuitana kale. Ena akuti ayi, ameneyo ndi wa ntchito ina. Sindikudziwa woti ndimukhulupirire.

Pamene ndikudikira chonchi, mbande za mpunga zakula panazale. Ndinafesa ndisanapite ku boma, mbewu yanu yonunkhira ija. Achimwene anandilimira munda wanu ndi ng'ombe, madzi analowa bwino, ndipo anzathu onse anawokera kale. Ine ndimangozengereza. Ndikawokera n'kuitanidwa, adzapalira ndani? Mbalame adzaingitsa ndani? Achimwene ali ndi munda wawo, ndi khanda pamwamba.

Dzulo kunabwera bambo aang'ono, nakhala pampando wanu uja. Sanakalipe. Anati, "Mwana wanga, munda sudikira boma. Ngati mtima wako uli kutauni, nena, awokere Ambokile. Wowokera chaka chino ndiye mwini wake." Ambokile ndi mwana wawo uja, tsopano akufuna kukwatira. Anandipatsa mpaka Lamulungu. Ine ndinangoyang'ana pansi, monga kuchipatala kuja.

Ntchitoyi ndikuifuna, amayi, sindingakunamizeni. Manja awa anaphunzirira pa thupi lanu, ndipo ndikulakalaka athandizenso ena. Koma m'munda muja muli mapazi anu. Munkati mbande ikakalambira panazale imabereka mankhusu okhaokha. Munkatinso kufatsa kwanga ndi kwabwino, koma tsiku lina anthu adzandidyera changa ndikuona. Mawu amenewo akhala akundizungulira m'mutu tsiku lonse.

Pepani, apa ndinasiya kulemba. Ndinalephera kukhala, ndinapita kunazale. Nsonga za mbande zayamba chikasu. Ndinazula imodzi, mizu yatalika, yalukana ndi inzake. Pobwera sindinalunjike kunyumba, ndinakhotera kwa bambo aang'ono. Ndinawapeza akumanga goli la ng'ombe ndi chingwe. Ndinagwada, koma ulendo uno ndinadzutsa mutu. Ndinati, "Mawa ndikuwokera." Anafunsa, "Nanga akakuitana?" Ndinati, "Ndidzabwera kudzapempha kuti Ambokile andipalirire, mpunga tidzagawana. Koma munda ukhale wa amayi." Anaika goli pansi. Kenaka anati, "Kani uli napo pakamwa. Ulawire, madzi asanaphwe." Ndinatsazika n'kubwerera kunyumba.

Mtima sunakhale pansi ayi. Ngakhale pano ndamva kulira kwa galimoto kumsewu, ndipo ndaimiriranso. Koma ndikukulonjezani ichi: kalata ikabwera idzandipeza m'matope mpaka m'mawondo. Ikapanda kubwera, ndikamaliza kuwokera ndidzakwera basi kukafunsa ndekha, ndi pakamwa panga, ndipo ndidzawauza zonse zimene ndinasiya pakhosi tsiku lija.

Gonani bwino, amayi. Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Tupokiwe

Ndamaliza kulemba Lachisanu, faifi koloko madzulo, ng'ombe zikulowa m'khola.