Nsomba za Abambo Zasowa Wodya

Madzimoyo, Chipata
14 Okutobala 1992

Wokondedwa mlongo wanga Enoch,

Ndikhulupirira uli bwino ku Kitwe kumeneko pamodzi ndi mlamu wanga Beauty ndi ana. Kodi chifuwa cha Ben chinatha? Kuno tikudzuka, amayi miyendo yokha ndiyo ikuvuta. Dzuwa ndiye usanene, chilala cha chaka chino chawaula ndi bonongwe yemwe.

Koma sindikulembera za dzuwa. Ndikulembera za maiwe a nsomba a abambo, ndipo ndinene poyera kuti zandikwana. Iwe unathamangira basi m'mawa mwake titangoika maliro, zotsala zonse n'kugwera ine.

Ukudziwa mmene abambo anakonzera pakhomo pano atapuma uphunzitsi. Pampu ya mphepo ija imakoka madzi pachitsime, ife tikasamba ndi kuchapa, madziwo amatsata ngalande, n'kusefedwa mumchenga ndi m'mabango, kenaka amagwera m'maiwe a nsomba za makumba. Ankati dontho lililonse lizigwira ntchito kawiri. Anthu ankawaseka, koma nsomba zake ankadya.

Tsono madoda a kumpingo amene anasambitsa thupi la abambo ataona kuti m'bafa muli mpopi, anasambitsira momwemo. Sanakumbe dzenje lotayamo madzi monga mwa mwambo. Madzi aja anangotsata njira yawo ya masiku onse mpaka kudziwe.

Palibe anaganizapo kanthu kufikira mmodzi wa madodawo ataitulutsa nkhaniyi pocheza kuchigayo. Lero Madzimoyo yense akuti nsomba za kwa aphunzitsi a Soko zinamwa madzi a maliro.

Mayi Mwasiti, amene ankapikula nsomba zathu kukagulitsa kumsika wa Kapata, anabwera kudzapepesa atanyamula shuga. Anati iwo alibe nafe mangawa, koma makasitomala awo akangomva kumene zachokera amatembenuka. Anabwerera ndi dengu lopanda kanthu, manyazi ali m'maso.

Abusa atabwera kudzationa Lamlungu lina, anati zonsezi ndi zikhulupiriro zachabe, Mkhristu asaope madzi. Ndinakondwa, n'kuwakazingira ziwiri zonona. Mbale itafika patebulo anakumbukira kuti m'mimba mwawo simuli bwino, ndipo anamwa tiyi yekha.

Choncho abambo aang'ono a Abednego alamula kuti maiwe akwiriridwe, nsomba zili momwemo. Omwe aja ankabwera Loweruka lililonse ndi jumbo panjinga, kudya mpaka mitu. Ndinawafotokozera za mchenga ndi mabango, ndinawakumbutsa kuti maliro aja ndi a mu Julayi. Ndinati bwenzi nditaphwetsa madziwo n'kuthira ena, koma chitsime chatsika, pampu ikungolavula pang'onopang'ono, nsomba zingafe dziwe lisanafike m'mawondo. Anandiyang'ana ngati ndikuyankhula Chizungu cha m'mabuku a abambo.

Yankho lawo linali lakuti mwana wamkazi salamula za malemu. Akuti adikira mawu a mwana wamwamuna mpaka mwezi uno utatha, ukapanda kuyankha abwera ndi makasu. Ine amene ndadula mabango ndi kudzoza girizi pampu ija zaka zonsezi, mawu anga alibe kulemera. Iwe amene sudziwa ngakhale kumene timasunga ukonde ndiwe woweruza. Zimandiwawa, Enoch.

Amayi sakukangana ndi munthu. M'mawa uliwonse amatenga gaga m'kambale, n'kutsimphina mpaka kudziwe kukawaza monga ankachitira abambo. Chaka chino maiwewa ndiwo munda wawo, ndiwo ndiwo zawo, chifukwa m'nkhokwe mulibe kanthu.

Sindikubisa, Lamlungu lija nsomba zimene abusa anasiya zinandivuta inenso. Ndinatambasula dzanja, likubwerera lokha. Amayi anandiona, anakoka mbaleyo, n'kuyamba kuchotsa minga mosafulumira.

Anati, "Hazel, zaka zonsezi mwakulira madzi osamba bambo anu, thukuta lawo ndi fumbi la choko. Lero mwaipidwa ndi tsiku limodzi lokha limene anasambitsidwa ndi anzawo?"

Anadya yonse, ine n'kudya inayo ndikulira. Tonse tili moyo mpaka lero, koma anationa ndani? Akazi awiri kukhitchini si umboni kwa a Abednego.

Ndiye pempho langa nali. Usatumize kalata, usatumize munthu. Ubwere wekha mwezi usanathe, ukhale pakhonde la abambo masana dzuwa likuswa mtengo, abambo aang'ono ali pomwepo, udye nsomba imene ndidzakukazingire. Ngati nawenso dzanja lidzakana, ubwerebe, udzagwire khasu loyamba ndiwe amayi akukuona. Ine sindidzawauza amayi m'malo mwako kuti maiwe akwiriridwa.

Undiperekere moni kwa Beauty, ndipo ana uwauze kuti azakhali awo sanawaiwale. Amayi akuti Mulungu akusunge panjira, ndipo ubwere ndi njala.

Ndine mlongo wako,
Hazel