Foni ija ndinaika pa sipika

Wakhoza Tasila, mwana wa achimwene anga, wakhoza! Mayeso oyamba a ku koleji, osalephera ngakhale phunziro limodzi. Ndaimba nthungululu mpaka mawu kusasa.

Uli bwanji ku Lusakako? Kuno ku Sinda tili bwino, atate ako mwendo uja wayamba kupola.

Koma mtima wanga suli m'malo. Lachinayi ku msonkhano wa amayi kutchalitchi, amake Dalitso, atamva za kukhoza kwako, anaimirira nati, "aNaphiri, tiuzeni mmene mumamulangizira mwanayu, nafenso titengereko." Ndinakumbuka tsiku lija unaimba foni ukulira, kuti anzako ogona nawo chipinda chimodzi akuseka kalankhulidwe kako kakumudzi, ndipo m'kalasi palibe chimene chikulowa m'mutu. Ine ndinaika foni pa sipika, amayi amene tinali kuswa nawo nshawa akumva, n'kunena kuti, "Kulira kwa munthu wokhuta uku." Tonse tinaseka. Kuyambira pamenepo sunandiimbirenso.

Mlongo wako wandiuza kuti unakhala nawo pansi anzakowo, n'kuwauza mofatsa kuti zikukupweteka, ndipo tsopano mumawerengera limodzi. Nzeru imeneyo sunaitenge kwa ine. Amayi a kutchalitchi aja ndinawauza zoona zake, kuti ine sindinakulangize, ndinakuchititsa manyazi.

Undikhululukire mwana wanga. Tsiku lina zikadzakuvuta, imba, ndidzapita kuseri kwa nyumba kuti ndimve ndekha. Mulungu akusunge. Mwezi uno ukatha ndikutumizira kandalama, ugule sopo ndi zolembera.

Ndine azakhali ako,
Naphiri