Kavuluvulu Anapinda Palachuti ya Matthews

Kitengela, Nairobi
Seputembala 2024

Okondedwa achimwene a Edmond,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Balaka kumeneko. Nanga mwendo wa amayi uli bwanji, kutupa kuja kunachepa? Ine ndili moyo. Ndikulemba ndi dzanja lamanzere, ndiye mupirire ndi zilembo zokhotazi. Ndikamaliza ndijambula n'kutumiza pafoni, chifukwa pakamwa patupa, sindingathe kufotokoza zonsezi ndi mawu.

Paja ndinakuuzani kuti ndayamba kuphunzira kudumpha mundege ndi palachuti, inu n'kuseka kuti Nairobi yandizunguza mutu. Anandikopa ndi mayi wina wa ku Runda, kuno ku Nairobi, amene timagwira naye ntchito kubungwe kwathu. Ulendo woyamba anandimangirira pachifuwa cha mlangizi, ine ntchito kukuwa basi. Koma nditatera ndinafuna kubwereranso, choncho ndinalembetsa maphunziro pakabwalo kena ka ndege kafumbi, kupitirira Kitengela kulowera ku Kajiado.

Kumeneko ndinakumana ndi Matthews, mwana wa mayi Nachisale aja ogulitsa zitenje pamsika wa Balaka. Akuchita maphunziro a uinjiniya kuno. Tinkakwera limodzi minibasi, kuno amati matatu, Loweruka lililonse, iye n'kumandiseka kuti achemwali ndimapemphera mokweza ndege ikamanyamuka.

Mlangizi wathu, bambo Titus, Mkenya wa imvi, sanatibisire zoopsa. Anati palachuti ikakana kutseguka pamakhala yachiwiri, komanso kamakina kamene kamaitsegula kokha munthu akakomoka. Anati ambiri amavulala potera, chifukwa cha phuma kapena kukhota ali pafupi ndi nthaka. Ine ndinalingalira kuti zonsezo zili m'manja mwanga. Ndinkati ngati ndimakwera boda boda, kabaza wa njinga yamoto, tsiku ndi tsiku mumsewu wa Namanga, pakati pa malole a simenti, ndiye mlengalenga ndiopenjimo?

Loweruka lapitali kunali dzuwa loswa mutu. Tinanyamuka masana. Chitseko chitatsegulidwa, Matthews anatuluka koyamba ndi alangizi ake, ine pambuyo ndi anga, aliyense ndi palachuti yake. Mphepo ya kumwamba kuja imamenya ngati mbama, masaya kuchita kukupiza. Nditatsegula palachuti, malamba anandikoka m'ntchafu mwamphamvu, kenako kunangoti zii. Pansi panga ndinkaona palachuti yachikasu ya Matthews ikutsika bwinobwino, monga momwe tinaphunzirira.

Kenako ndinaona fumbi lofiira likudzuka pafupi ndi mbuzi zimene zinkadya kumapeto kwa bwalo. Linayamba kuzungulira, kukula, n'kuthamangira pomwe Matthews amati atere. Anali kavuluvulu. Pawayilesi ya pachifuwa panga ndinamva bambo Titus, amene anatsala pansi, akukuwa kuti Matthews akhotere kumanja, koma nthawi inali itatha. Palachuti inapindika ngati nsalu yomwe akuifinya pochapa. Matthews anaponyedwa cham'mbali, miyendo m'mwamba, n'kugwa kuchokera pautali wonga wa mtengo wa bulugamu. Achimwene, ndinali kutali, koma kugunda kwake ndinakumva. Kavuluvuluyo sanamusiye. Anafufumitsanso palachuti ija n'kumukhwekhwereza pamiyala, mutu ukugunda pansi, mpaka anakamukoleka pampanda wa waya waminga.

Ine maso onse anali pa iye, ndinaiwala kuti nanenso ndikutsika. Sindinakoke zingwe zochepetsera liwiro. Nthaka inangondifikira. Ndinagunda ndi mapazi, mawondo, kenako nkhope, ndipo dzanja lamanja linalira ngati nkhuni youma. Mphepo inandikokera m'zitsamba zaminga, ovolosi kung'ambika, mkamwa magazi ndi mchenga, dzino limodzi ndinalavula. Mmene ndinamasulira malamba sindikudziwa. Ndinangopezeka ndikuthamanga, dzanja likulendewera.

Ndinamupeza chagada. Fupa la ntchafu linali litaboola ovolosi, loyera, magazi akutuluka motumphatumpha. Chipewa chake cholimba chija chinali chitang'ambika pakati. Waya anali atamuzinga paphewa ndi pakhosi, minga italowa m'mnofu. Bambo Titus anamumanga ntchafu ndi lamba, akukalipira aliyense kuti asamunyamule. Bambo wina wa Chimasai, mwini mbuzi zija, anadula zingwe za palachuti ndi chimpeni chake kuti mphepo isamukokenso. Ine anandiuza kuti ndimugwire mutu usagwedezeke, ndiye ndinaupana ndi mawondo.

Matthews ankalira m'Chichewa, ndipo pagulu lonselo womumva ndinali ine ndekha. Anaitana amayi ake. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achemwali, miyendo yanga ili kuti? Sindikuimva." Ndinamuuza kuti ili pomwepo, yonse iwiri. Anafunsanso, ndinayankhanso, mpaka ambulansi inafika. M'njira tinatsekeredwa ndi magalimoto ku Athi River, dalaivala akuliza belu, anthu osapatuka, Matthews akukomoka n'kutsitsimuka.

Panopa ali m'chipatala mutauni. Amuchita opaleshoni ya ntchafu ndi ya msana, amuika zitsulo. Dzulo zala za phazi lamanzere zinagwedezeka pang'ono. Madokotala akuti tidikire, sakulonjeza kanthu. A Malawi a kutchalitchi kwathu akusinthana kumudikirira. Ine andiika pulasitala, milomo anasoka, kuntchito andipatsa tchuthi.

Bambo Titus anabwera kudzationa, maso ali ofiira. Ndinawafunsa kuti Matthews analakwitsa pati. Anati sanalakwitse paliponse. Ndinafunsanso ngati iwo, ndi zaka zawo zonse m'ntchitoyi, akanapulumuka. Anati mwina akanauona msanga kavuluvuluyo, mwinanso ayi. Anawonjezera kuti zoterezi sizichitikachitika, ndipo ndikudziwa kuti sakunama. Anthu ambirimbiri amadumpha n'kubwerera kwawo osakandika n'komwe. Koma ine ndinkadalira zoti ndikatsatira malamulo onse ndiye kuti ndatetezeka, ndipo Matthews anawatsatira kuposa ine. Boda boda ndimakwera kuti ndikafike kuntchito. Mundege ndinkadumpha chifukwa chokonda basi, pamene mwana wanga Tionenji ali kwa amayi, bambo ake kulibe. Ndawauza bambo Titus kuti sindibwereranso. Sindikunamizani, zikundiwawa, chifukwa palibe chinthu chinandisangalatsapo ngati chimenechi. Koma ndasiya.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Wina anajambula ngoziyi pafoni, ndipo kanemayo wayamba kuzungulira m'magulu a a Malawi kuno. Sipatenga nthawi kuti afike ku Balaka. Mayi Nachisale ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo Matthews wandichonderera kuti asamve pafoni kapena kuona okha pamsika. Chonde pitani kwawo lero lomwe, mutenge mkulu wa mpingo wawo. Mawu oyamba akhale akuti mwana wawo ali moyo ndipo akulankhula, zinazo zibwere pambuyo. Akakhala pansi mundiimbire, ndikhala ndili pambali pa bedi lake kuti amve mawu ake. Mukachoka kumeneko mukawauzenso amayi athu za ine. Muwauze zoona, musati ndinagwa panjinga.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa amalume a Vitus ndi azakhali ku Ulongwe, ndi kwa ana onse. Tionenji musamuonetse kanemayo. Mungomuuza kuti amayi ake akubwera pa Khirisimasi, ali ndi gweru m'kamwa ngati lake, ndipo dzanja likachira ndidzamuluka tsitsi ndekha.

Ndine mlongo wanu,
Rosina