Impso ya Mlamu Wanu

Yorkshire, England
Mwezi wa Okutobala

Okondedwa achimwene a Layisoni,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, alamu ndi ana onse kumeneko ku Lizulu. Kodi bondo lija likukulolani kutsikira kudimba? Nanga mayi chifuwa chija chinawasiya? Ife kuno tikudzuka, Mulungu akusunga. Kwayamba kuzizira, koma chaka chino sindikudandaula, chifukwa ndili ndi nkhani zabwino. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni kuti muwerenge mwachifatse, popeza kumapeto kuli ntchito yomwe ndikufuna kukutumani.

Mukudziwa mmene ndakhala ndikuvutikira chiyambireni kusefedwa magazi pa makina, impso zanga zitasiya kugwira ntchito. Katatu pa sabata galimoto ya chipatala inkanditenga kusanache, n'kuyamba kuzungulira kutola anzanga khomo ndi khomo, kenaka ulendo wautali wa ku chipatala chachikulu cha mumzinda. Pobwerera chimodzimodzi, ine wotsiriza kutsitsidwa. Ndinkafika pakhomo ngati chovala chofinyidwa, tsiku lonse litapita.

Zimenezo zinatha, achimwene. Bungwe lomwe limayendetsa zipatala za dera lathu lino latsegula wodi ya odwala impso pa chipatala chaching'ono cha m'tauni mwathu momwemuno. Anakonza nyumba yomwe kale ankachapiramo zofunda, moti munthu sangaizindikire: mazenera akuluakulu, mipando yoti ukafuna umagona, makina atsopano osasokosa. Ndimakwera basi pafupi ndi nyumba, ndipo ndisanamalize kuyankha mauthenga a amayi a kumpingo ndimakhala ndafika. Anatilolanso kusankha nthawi. Ine ndinasankha masana, motero ndabwerera ku ntchito yanga ya kukhitchini ya pasukulu, m'mawa mokha. Tsiku loyamba ana aja atandiona pa zenera logawira chakudya anandiombera m'manja, ine n'kuthawira kumapoto kukapukuta misozi.

Woyandikana nane mpando ndi mkulu wina, a Ackroyd, amene kale ankaweta nkhosa kumapiri uko. Dzina langa linawakanika kalekale, amangoti Zii. Ndi munthu wamakani ngati mbuzi ya pachingwe, koma akajomba ndimawasowa. Iwo amandinena kuti ndimawodzera kukamwa kuli yasa, ine ndimawanena za tchipisi zomwe amabisa m'chipewa, poti tonse anatiletsa kachewere, tomato ndi nthochi. Tangoganizani, mwana wa ku Lizulu kumuletsa kachewere ndi tomato! Namwino wathu wamkulu ndi Marivic, wa ku Philippines. Ndi wamfupi, amandilekeza paphewa, koma akangowauza a Ackroyd kuti avule chipewa aone, nkhalamba ija imavula nthawi yomweyo.

Paja walira mvula walira matope. Masiku okaonana ndi dokotala anayamba kutumiza pa foni, ndiye okalamba ambiri anasokonezeka, ine ndemwe anandiika malo awiri nthawi imodzi mpaka Tawina, mwana wathu uja, atakonza. Malo oimika galimoto nawo ndi ochepa. Mlamu wanu akabwera kudzanditenga amazungulira chipatala ngati kabawi wofuna anapiye, munthu woti tsiku lonse wakhala akuyendetsa basi.

Mwezi wapitawo akuluakulu a bungweli anaitanitsa msonkhano wa odwala ndi abale awo. Mayi amene amatsogolera bungwe anabwera okha. Anavomera za mafoni zija, n'kunena kuti wofuna kalata azilandirabe kalata. Kenaka anafotokoza zomwe akonza chaka chamawa. Akufuna kuphunzitsa amene angathe kuti azisefa magazi kunyumba, makina atawapatsa. Awonjezeranso mipando kuti anzathu omwe atsala kumzinda abwere kuno, ndipo amene alandira impso yatsopano azionedwa ndi dokotala konkuno, osapitanso kutali.

Atafunsa ngati pali funso, a Ackroyd anakweza ndodo yawo.

"Mayi, zonse mwanenazo n'zabwino, koma ine msinkhu uno chaka chamawa n'kutali. Bwanji muyambe mwakonza tiyi wa muno? Amandilola kapu imodzi yokha, ndiye kapu imodziyo izikhala ngati madzi osambitsira nkhosa?"

Holo yonse inafa ndi phwete, mayi aja nawo mpaka kuvula magalasi. Sabata yotsatira tiyi anasinthadi, ndipo a Ackroyd mpaka lero akuyenda ngati ndiwo anamanga chipatala.

Pa msonkhano womwewo namwino wina anakamba za abale ofuna kupereka impso. Anati kale munthu ankayenda miyezi yambiri, lero kuyeza ichi, mwezi wamawa icho, mpaka ena kugwa ulesi, koma tsopano zoyeza zonse zikuluzikulu amapanga tsiku limodzi. Mlamu wanu anali phee pambali panga. Ine ndinkati akuwodzera. Paja nkhaniyi anaiyambitsapo kale ndikungoyamba kudwala, ine n'kuikana kwamtuwagalu, kuti nyumba imodzi singakhale ndi odwala awiri.

Osadziwa kuti munthu akumva zonse. Anakalembetsa mwakachetechete, tsiku loyezetsa n'kundiuza kuti ali ndi maphunziro kuntchito. Ndiye masana ena ndili pa makina ndinangoona akulowa mu wodi, atavala jekete ya kutchalitchi pakati pa sabata. Anaima patsogolo panga manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu.

"Mayi a Tawina, ndabwera ndi mlandu."

"Mwagunda galimoto ya eni?"

"Ayi. Ndinakayezetsa. Akuti magazi athu agwirizana, ndipo impso zanga zonse ziwiri n'zolimba ngati za mnyamata. Imodzi ndi yanu."

Achimwene, m'malo mothokoza ndinapsa mtima. Ndinawafunsa kuti anapita bwanji osandiuza, komanso kuti iwo akadzadwala Tawina adzaona yani. Polankhula ndinagwedeza mkono womwe unali ndi mapaipi a magazi, makina n'kuyamba kulira, Marivic n'kubwera chothamanga. Mlamu wanu anangoima pomwepo thukuta lili kamukamu. Ndiye a Ackroyd, amene ankanamizira kugona, anatsegula diso limodzi.

"Zii, ngati sukuifuna usavutike. Mnyamatayu andipatse ine, ndikwatiwa naye lero lomwe."

Wodi yonse inaseka. Ine ndinaseka mpaka kuseka kuja kunasanduka kulira, ndipo mlamu wanu anagwada pansi ndi jekete yawo ija n'kundigwira dzanja linalo.

Pambuyo pake tinakaonana ndi dokotala tonse awiri. Ndinamufunsa mafunso ambiri mpaka anakoka mpando. Anati munthu amakhala bwinobwino ndi impso imodzi, amagwira ntchito, amakalamba ngati wina aliyense. Sanabise kuti opaleshoni iliyonse ili ndi chiopsezo chake, koma anati ndi chochepa, ndipo wopereka amamuyeza chaka ndi chaka moyo wake wonse. Opaleshoniyo idzachitikira ku chipatala cha mumzinda, akuti nyengo yozizira ya kuno ikamatha.

Palinso munthu wina wapadera amene lamulo limati acheze ndi wopereka payekha, kuti atsimikize kuti sanakakamizidwe. Mlamu wanu akuti anamuyankha kuti chikwatiranireni mkazi wake wakhala akumukakamiza zambiri, kudya masamba, kusiya shuga, kuvala sikafu, koma ichi chokha ndi chimene wachita mkazi wake akukana. Akuti munthu uja analephera kulemba chifukwa cha kuseka.

A Ackroyd okha ndi amene akundimvetsa chisoni. Iwo zaka zapita, madokotala anati thupi lawo silingapirire opaleshoni yotere. Tsiku lina Marivic atatuluka anandiuza motsitsa mawu kuti ndisachite zopusa, ndilandire, ndipo ndikachira ndizibwera kudzawaona nditanyamula tchipisi m'chikwama. Ndinalonjeza zobwerazo, za tchipisi ndinakana.

Tsopano nayi ntchito ija. Ine ndavomera, koma ndaika mfundo imodzi. Apongozi anga anaNgozo ku Bembeke sanamve nkhaniyi. Mlamu wanu akuti adzawauza bala likapola, kuti asade nkhawa. Ine ndakana. Mwa ana awo aamuna watsala ndi yekhayu, ndipo munthu amene anamubereka ndi impso ziwiri ayenera kumva imodzi isanachoke. Pa foni sizingatheke. Makutu awo anayamba kuvuta, ndipo mukudziwa mmene nkhani imasinthira ikamadutsa pakamwa ndi pakamwa. Ikafika kuchigayo idzakhala yakuti mwana wa anaNgozo akumudula ziwalo kunja chifukwa cha mkazi.

Choncho ndikukupemphani, inu monga nkhoswe yanga, mukwere mupite ku Bembeke. Muyambe mwaonana ndi a Chimkwita, malume awo a mlamu wanu, amene munakhala nawo pa mphasa tsiku la chinkhoswe chathu. Muwawerengere kalatayi, za a Ackroyd mukhoza kudumpha. Kenaka nonse awiri mukakhale pansi ndi apongozi, masana, pasakhale gulu. Mukawauze kuti mwana wawo palibe anamutuma, kuti ine ndinayamba ndakana, ndi zonse zimene dokotala ananena, zabwino ndi zoopsa zomwe. Mukatha muimbe foni ya kanema kuti apongozi amuone mwana wawo nkhope, amufunse okha, amukalipire ngati akufuna. Ndamuuza kale kuti tsikulo asapite kuntchito.

Akakana, mudzandiuze monga momwe ayankhulira, osathira shuga. Ndidzadikira mpaka mtima wawo utakhala pansi. Chipatala chili pafupi tsopano, ndingathe kupirira. Mlamu wanu akuti lamulo la kuno silifuna chilolezo cha mayi, ndipo akunena zoona. Koma ine sindingayende ndi chiwalo cha mwana wa eni m'thupi mwanga mayi ake ali ndi chodandaula. Akavomera, muwauze kuti anandipatsa mwana wawo kamodzi ndili mtsikana, ndipo sindinkadziwa kuti ndidzabweranso kudzapempha kachiwiri.

Mayi athu muwauze inu nomwe mukabwerako, pang'onopang'ono, atadya kale. Mundiperekere moni kwa iwo, kwa alamu, kwa azakhali a ku Mlangeni, kwa amalume ndi banja lawo, ndi kwa ana anu onse, makamaka wamng'ono uja amene akuti watenga liuma langa. Tawina akupereka moni kwa agogo ake ndi asuweni ake. Mlamu wanu nayenso akuti moni, ndipo akuti mukamalankhula ndi mayi ake mukhale cha kufupi ndi khomo.

Tsalani mu mtendere wa Ambuye, ndipo muyende bwino ulendo wa ku Bembeke.

Ine mlongo wanu,
Ndaziona