Foni ya Mkamwini

Lolemba, 2 Juni

Zitenje zinayi pachingwe, tsiku limodzi. Kungotsokomola, mkodzo uwo. Ukwati wa mdzukulu wanga Madalo pa 28. Maola atatu m'tchalitchi, ine agogo benchi yakutsogolo. Ndikakhala bwanji? Chichokereni Pasaka sindinapondeko.

Lachinayi, 5 Juni

Kuchipatala. Anesi akuti zimatheka, pali maphunziro olimbitsa minofu yam'munsimu. Njira ziwiri: gulu la amayi Lachinayi lililonse, kapena pafoni kunyumba. Gulu? Pakhonde pomwe amayi akusikelo amadutsa? Zikamveka mpaka ku Mvano. A Elube aja, okhalira benchi yakukhomo m'tchalitchi kuti aziona ndani wavala chiyani, angandisiye? Ndasankha foni. Yanga ndi yamabatani, ndapereka nambala ya mwana wanga Debora.

Loweruka, 7 Juni

Ndafa ine. Ndinaiwala kuti foni ya Debora imakhala m'thumba mwa mwamuna wake. Uthenga wam'peza Yeremiya m'chigafa, akusankha fodya ndi amuna anayi. Watsegula. Mawu mokweza: "Moni mayi Nankhoma, lero tiphunzira kugwira mkodzo." Mkamwini wanga! Zaka makumi awiri tikakumana panjira amapatuka, sitinadyerepo pamodzi. Lero akudziwa zam'chitenje mwanga.

Lachiwiri, 10 Juni

Sindikutuluka. Debora wabweretsa foni, maso pansi. Netiweki imagwira pachulu pokha, pafupi ndi chigafa chomwecho. Ndagona pamphasa m'nyumba, kanema wa maphunzirowo waima pakati. Finyani, akutero. Ndifinye pati? Foni sungaifunse. Ndalira. Madzi ndasiya kumwa, mutu waukulu.

Lachisanu, 13 Juni

Diresi langa lokavala kuukwati lafika. Lobiriwira mowala, dontho limodzi lionekera kutali. Madalo akuti, "Agogo, mukavine mpaka fumbi." Ndaganiza zodzanama malungo tsikulo. Mwana ndinalera ndekha ameneyu.

Lachinayi, 19 Juni

Kwatsala masiku naini. Ndauyamba wapansi mmamawa wakuchipatala kugulu lija, kukwera chitunda chonse. Pofika ndanyowa mpaka kumapazi. Ndaima kuseri kwa thanki yamadzi, mtima uli bwerera basi. Pakhonde amayi asanu ndi awiri, phwete. Wina wandiona, wadzuka. A Elube! Amasula chitenje chapamwamba, andiponyera.

"Mwachedwa, a Nankhoma. Ine chaka chachitatu chino. Valani, mphasa yanu iyo."

Lamulungu a Elube adzandidzera tipite kutchalitchi. Akuti pabenchi yakukhomo malo alipo, zikathina kutuluka sikuvuta.