Tawamangira sitolo, koma njinga yawo sikulowamo

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga mayankho anu kwa nthawi yaitali, osadziwa kuti tsiku lina nanenso ndidzaima pamzere womwewu. Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kufupi ndi msika wa pa Nsaru. Nkhani yanga ndi ya sitolo, koma yandisowetsa mtendere ngati matenda.

Amuna anga, bambo a Pamela, anali mlimi wa fodya. Chaka chatha ngolo inatembenuzika akuchokera kumunda n'kuwagwera pamsana. Anagona nthawi yaitali kuchipatala ku Namitete. Moyo anapulumuka, koma miyendo yonse iwiri inasiya kugwira ntchito, moti pano amayendera njinga ya olumala, ija amakankha matayala ndi manja. Munthu amene ankalawirira kuchigafa mbandakucha, anayamba kumangotandala pansi pa mtengo wa mango kuyang'ana nkhuku. Mutu wawo uli bwinobwino, manja ali ndi mphamvu, koma mtima ndi umene unkafota.

Maganizo a golosale anabwera ndi iwo omwe. Tsiku lina anati, "Mayi a Pamela, khasu landikana, koma sikelo ndingaithe. Mutandipezera kamalo pamsika, bwenzi ndikudyanso thukuta langa." Aphungu, chichitikireni ngoziyo, kanali koyamba kuwamva akunena za mawa. Sindinachedwe. Ndinagulitsa ng'ombe zimene zinkakoka ngoloyo, n'kupempha malo a amayi anga amene ali m'mphepete mwa msewu.

Ntchito yonse anaisenza achimwene anga a Adamson. Iwowa ndi mmisiri wa matabwa, ndiponso ndiwo mwini mbumba kwathu. Malipiro anakana, matabwa anacheketsa ku mitengo yawo ya bulugama, womanga anabwera naye okha. Anamanga monga mmene masitolo onse pamsika pano amakhalira. Khonde analikweza kuopa madzi a mvula amene amathamanga mumsewu, n'kuika masitepe kutsogolo. Kauntala ndi yofika m'chifuwa, pamwamba pake pali waya kuopa akuba, ndipo mashelefu akwera mpaka kudenga. Kuseri kwa kauntala anasiya kampata kokwana munthu mmodzi woimirira, kolowera pakakhomo kopapatiza. Kunena zoona, ntchito ndi yokongola, odutsa amachita kuima n'kusuzumira.

Amuna anga sanafikeko nthawi yonse yomanga. Njira inali yamatope, komanso ife tinkati tidzawaonetse zonse zitatha kuti adzasangalale. Sabata yatha ndi pamene tinapita nawo. Pamasitepe anachita kunyamulidwa ndi amuna awiri, anthu a pamsika akuonerera. Atalowa, njinga inakana pakakhomo ka kauntala, ndiye achimwene anawanyamula n'kukawakhazika pampando kuseri. Ine ndinaima pamene amaima kasitomala, ndipo chimene ndinaona kuseri kwa waya ndi chipewa chawo chokha. Atatambasula dzanja anangofika shelefu yachiwiri.

Achimwene anafunsa kuti, "Alamu, mwaiona bwanji ntchito?" Iwo anati, "Mwagwira ntchito yaikulu, alamu. Mulungu akudalitseni." Inu mukudziwa, Aphungu, mkamwini wokhala pamalo a eni ake sangauze mlamu wake kuti walakwitsa, makamaka pa chinthu chimene wapatsidwa ulere. Achimwene, poona kuti pali kovuta, anati, "Musadandaule, alamu. Achemwaliwa azigulitsa, inu muzikhala pakhondepa kulonjera makasitomala." Ankanena ndi mtima wabwino, koma ine mawu amenewo anandibaya.

Chibwerereni kumeneko sakutchulanso za sitolo. Dzulo ndinawafunsa katundu woti ndikapikule mutauni, anangoti, "Funsani achimwene anu." Akudya pang'ono, ndipo abwerera pansi pa mtengo paja. Ndikuchita mantha. Ndikauza achimwene kuti aphwasule, aona ngati ndawanyoza, pamene ndiwo atigwira dzanja pa chilichonse chivulalireni amuna anga. Ndikakhala chete, sitolo itsegulidwa mwini wake ali kunja. Kodi ndichite bwanji?

S. K., Nsaru.

Mayi S. K.,

Pepani ndi zimene zinagwera banja lanu. Mwalimbana nazo, ndipo amuna anu ali ndi mkazi. Koma popeza mwafunsa, ndinena mosapsatira: sitoloyo musaitsegule mmene ilili. Musaikemo ngakhale paketi ya mchere. Mukangotsegula, mudzaima kuseri kwa kauntala mukuti n'zongoyembekezera, ndipo simudzachokakonso.

Achimwene anu sanachite dala. Anamanga sitolo imene amaidziwa, ya munthu woimirira. Chinalakwika n'chakuti nonse, inunso momwemo, munakonza malo a bambo a Pamela popanda bambo a Pamela. Munkafuna kuwadzidzimutsa ndi mphatso, pamene iwo anapempha ntchito.

Yambani ndi amuna anu, muli awiri. Musawafunse ngati sitolo yawasangalatsa, chifukwa akuyankhani monga anayankhira alamu awo. Nenani inuyo zimene munaona, kuti njinga sinalowe, kuti nkhope yawo simunaione, ndiponso kuti zinakupwetekani. Kenako afunseni chimene akanasintha. Akapanda kuyankha tsiku lomwelo, musawaumirize, koma auzeni kuti chitseko sichitsegulidwa mpaka atanena.

Mukatero pitani kwa achimwene anu nokha, kunyumba kwawo, osati pamsika. Iyi ndi nkhani ya munthu ndi mlongo wake, mkamwini musamuike pakati. Yambani ndi kuthokoza, chifukwa chothokozera chilipo. Mawu akuti kuphwasula asiyeni kwanu, popeza zambiri zikhala mmene zilili. Apempheni chinthu chimodzi chokha: mupite limodzi kusitoloko kulibe anthu, iwo akakhale pampando kuseri kwa kauntala, inu muime kunja n'kuitanitsa sopo wa pashelefu yapamwamba. Mmisiri akaona yekha pamene palakwika, manja amamuyabwa, simudzavutikanso kulankhula.

Zofunika kusintha si zambiri. Kauntala achimwene anu aitsitse mbali imodzi kuti ifike pamene zigongono za amuna anu zimafika ali panjinga, ndipo pansi pake pakhale mpata woti mawondo alowe. Waya akhoza kukhala, koma kazenera koperekera katundu katsike nawo. Kauntalayo aisunthirenso kutsogolo kuti kuseri njinga izitembenuka yonse. Kasitomala sachedwa m'sitolo, amene amatandalamo ndi wogulitsa, ndiye malo aakulu apite kwa iye. Kakhomo akakuze poyeza ndi njinga yeniyeniyo, osati tepi yokha, asiyenso malo oti manja asakhulike. Katundu woyenda tsiku lililonse, monga shuga, mchere, sopo, machesi ndi mafuta ophikira, akhale m'mashelefu a m'munsi. A pamwambawo musungemo katundu wodikira, woti muzitsitsa musanapite kumunda. Sikelo ndi dirowa ya ndalama zikhale pafupi ndi dzanja lawo.

Masitepe asiyeni, anthu ena aziyendapo. Koma m'mbali mwa khonde womanga aike pokwerera potsetsereka, potalika bwino, pasimenti yosaterera. Muyeso wake ndi umodzi: amuna anu akwere okha. Ngati akufunika wowakankha, ndiye kuti pachita phiri, atalikitsenso. Ndipo pali china chimene anthu amachita nacho manyazi, koma ine ndichinena: chimbudzi. Munthu sangagulitse tsiku lonse akudalira kunyamulidwa kupita kuseri. Funsaninso kuchipatala za chokhalira chofewa komanso utali wa nthawi imene angakhale pamalo amodzi, kuopa zilonda.

Pa ntchito yonseyi amuna anu azikhalapo, kaya kuli matope kaya fumbi, ndipo mmisiri azifunsa iwo, osati inu. Akakufunsani inu, lozani kwa eni ake. Katundu wokapikula asankhenso okha, ngakhale mutaona kuti ena sayenda msanga. Kulakwitsa pa malonda ake ndi gawo la umwini.

Chenjezo langa ndi ili. Kusadya ndi kukhala chete kwa amuna anu musakutenge ngati kukwiya wamba. Zikapitirira, kauzeni a kuchipatala amene amawaona, ndipo musamawasiye okha nthawi yaitali. Achimwene anu mwina akhumudwa, moni wawo n'kuzizira kwa kanthawi. Zimenezo mupirire, ndi mlongo wanu, sapita kutali. Koma bambo a Pamela anatolera mphamvu zonse zimene zinawatsalira kuti apemphe kamodzi. Mukawakhazika pakhonde, sadzapemphanso.

Aphungu.