Kalavani ya Amayi pa Sikelo ya Tirigu

Znojmo,
Pa 11 Juni

Okondedwa achimwene a Radim,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Canada pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tilipo, kungoti amuna anga a Luboš msana wayambiranso, moti akulowa m'munda wa mphesa atawerama ngati nkhalamba. Ndasankha kalata osati foni chifukwa pafoni mumangoti "ee, ee" maso ali pa kompyuta, pomwe nkhaniyi ndikufuna muiwerenge mutakhala pansi. Ndi ya Bambo. Musadzidzimuke, sakudwala. Akanakhala kuti akudwala bwenzi ndikudziwa chochita.

Chimwalirireni Amayi mu Okutobala, Bambo ankangokhala pazenera la kukhitchini, ndevu osameta, chakudya ndikawapititsira n'kumangochitosatosa. Ndiye tsiku lina mu Malichi ndinawapeza atavundukula kalavani ija kuseri kwa nyumba, kanyumba kamatayala kachikasu kaja kamene ankakoka ndi galimoto popita kunyanja ku Croatia chaka ndi chaka Amayi asanayambe kudwala. Anali akuitsuka, uku akuimba mluzu. Nditawafunsa ngati akufuna kuigulitsa, anati akungochotsa ndere. Patapita sabata, kagalimoto kawo kakang'ono kaja, kamene anagula atasiya maulendo akunyanja, kanali katagulitsidwa, osandiuza n'komwe. Apa ndinadziwa kuti galu wamkota sakandira pachabe.

Woyamba amene ndinamukayikira anali bambo wina wogulitsa magalimoto akale mumsewu wa ku Brno. Anafika pakhomo ndi chigalimoto chakuda, chachitali ngati chonyamulira maliro, akusekerera mpaka mano a m'mbali kuoneka. Ankati chimenecho chikhoza kukoka ngakhale tchalitchi, kalavani n'chiyani. Nditamufunsa kuti chayenda mtunda wautali bwanji, anayamba kuyamikira maluwa athu. Ine mumtima ndinati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bambo anachizungulira, kuchisisita, maso akuwala ngati mwana, kenako anamuuza kuti sangayankhe asanafunse Mayi Holubová. Dzina limeneli ndinali ndisanalimvepo m'nyumba mwathu.

Mayi Holubová ndi ndani? Bambo anangoti ndi munthu wodziwa za magalimoto, n'kulowa m'nyumba. Koma kuyambira pamenepo anayamba kumeta ndevu, kusita malaya okha, n'kumakwera basi ya masana osanena kumene akupita. Mukuwadziwa Mayi Vondrová oyandikana nawo aja, amene maso awo sapuma. Anandiitana pampanda n'kundinong'oneza kuti anawaona Bambo kuseri kwa fakitale yakale ya shuga, ali m'galimoto ndi mzimayi wa tsitsi lofiira, akungobwerera m'mbuyo ndi kupita kutsogolo pabwalo lopanda anthu, onse akuseka. Achimwene, miyezi isanu ndi umodzi inali isanakwane chiikireni Amayi m'manda. Ndinapsa mtima, ndipo sindikubisa, ndinaganizanso za nyumba. Azimayi ena amanunkhiza mwamuna wamasiye wokhala ndi nyumba yakeyake ali kutali.

Chimene chinandilasa kwambiri ndinachipeza m'chipinda chapansi. Ndinatsikirako kukatenga nkhaka za m'botolo, n'kupeza mashelufu a kumanzere ali mbee, pangotsala timizere tozungulira pafumbi pamene pankakhala mabotolo. Anasowa ndi a jamu wa zipatso za maapurikoti, aja ovala kansalu kabuluu pachivindikiro, kamene Amayi ankadula ku diresi lawo lakale. Mukukumbukira mmene ankatimenyera padzanja tikawakhudza? Ine mkwiyo unanditseka mutu, ndinangoganiza chimodzi, kuti Bambo akututa jamu wa Amayi kukadyetsa wa tsitsi lofiira uja. Manja a Amayi anali atayamba kale kunjenjemera pamene ankaphika jamu womaliza chilimwe chathachi, ine ndikuwagwirira mphika. Ndinakhala pamasitepe n'kulira.

Ndinawafunsa Bambo maso ndi maso kuti mabotolo apita kuti. Anati ali pabwino. Ndinawauza kuti munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi ziwiri sagula chigalimoto chachikulu popanda womusonkhezera, komanso kuti nthawi yoti asiye kuyendetsa inakwana kale. Anangondiyang'ana n'kundifunsa ngati ndatha. Kenako anatsegula wailesi.

Loweruka lapitali m'mawa, Mayi Vondrová anandiimbira kuti kalavani yatuluka pageti, ikukokedwa ndi galimoto yachilendo yotuwa, wa tsitsi lofiira ali pampando wakutsogolo. Ndinasiya mtanda wa buledi patebulo n'kuwatsatira. Ndinkaganiza kuti akuthawira kunyanja, koma anakhotera ku bungwe la alimi, n'kukaima pa sikelo yaikulu ija imene amayezerapo mathirakitala a tirigu. Nditatsika, mayiyo anali atagwada pafumbi akuyang'ana chitsulo chokolera kalavani, ndudu ili pakamwa. Ndi wazaka ngati makumi asanu ndi limodzi, wamfupi, wamawu okhuthala ngati a mwamuna. Sindinapereke ndi moni womwe.

"Mayi, jamu wa amayi anga akukukomerani?"

Anadzuka, n'kupukuta manja pathalauza.

"Sindinamulawe, mwana wanga, koma ndamuyeza. Akulemera kuposa nzeru za bambo akowa."

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Mayi Holubová ndi mphunzitsi wa kusukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, ndipo kubwerera m'mbuyo kuja kuseri kwa fakitale anali maphunziro okhotetsa ngolo. Anandifotokozera modekha, ngati akuphunzitsa mwana wouma mutu. Akuti laisensi wamba ngati ya Bambo imalola galimoto ndi kalavani pamodzi mpaka matani atatu ndi theka, kutengera kulemera kumene chilichonse chinaloledwa chikadzaza. Galimoto iliyonse yamphamvu zokwanira kukoka kalavani yathuyi motetezeka imapitirira malire amenewo, n'chifukwa chake Bambo akukonzekera mayeso oonjezera. Chigalimoto chakuda chija anachikana iyeyo, akuti n'cholemera kwambiri moti ngakhale mayeso amenewa sakanakwanira, ndipo apolisi akanawaimitsa panjira kalavani ikanatsala pomwepo. Kagalimoto kakale kaja nakonso sikakanatheka, kalavani ikanakakankha potsika mapiri a ku Croatia mpaka kukaponya kuphompho. Yotuwayo ndi Škoda yaitali ya dizilo, ya dokotala wa ziweto wopuma pantchito, ndipo anabwereka kuti aiyese asanagule. Akuti galimoto yokokera sasankha ndi maso, amayamba ayeza kaye chimene ikakoke, chili ndi katundu yense m'kati.

Vuto linali pomwepo. Sikelo inaonetsa kuti kalavani yapitirira kulemera kumene inaloledwa, ndipo kumbuyo kwake kunali kutatitimira, kutsogolo kukupepuka pachokolera. Mayi Holubová anati ikanangofika pamsewu waukulu, lole imodzi n'kuidutsa, ikanayamba kugwedeza mchira ngati galu mpaka kugubuduza galimoto. Anatsegula chitseko n'kunyamula matiresi a bedi lakumbuyo. Pansi pake panali mabotolo okhaokha, atakulungidwa m'manyuzipepala, tinsalu tabuluu tikusuzumira.

Bambo anali atakhala pakhoma lalifupi la sikelo, chipewa chili pabondo. Pamenepo mutu wanga unatseguka, ndinakumbukira chimene Amayi ankanena potimenya padzanja paja: a nsalu yabuluu ndi akunyanja. Mukudziwa mwambo wa pamsasa paja, kuti tsiku lofika aliyense amazungulira mzere wonse wa makalavani ndi za kwawo. A Šime, msodzi wokalamba uja, ankatipatsa mafuta a olivi, banja la ku Slovenia uchi, Mayi Halina a ku Poland bowa wouma, ndipo onsewo ankadikira jamu wa Amayi. Zaka zinayi zimene sanapite, Amayi ankaphikabe gawo la kunyanja, n'kumati chaka chamawa tipita.

"Sakudziwa kuti Blanka kulibe," anatero Bambo, akutchula Amayi ndi dzina lawo. "Nkhani yotere sauzana pafoni. Anawaphikira, ndiye ndikawapatse."

Ndinawafunsa chifukwa chimene anandibisira.

"Ukanandiletsa."

Sindinatsutse, chifukwa zoonadi ndikanawaletsa.

Mayi Holubová anati misozi siichepetsa kulemera, china chake chitsike. Anapempha kuti theka la mabotolo litsale, Bambo anakana kwamtuwagalu. M'malo mwake anayamba kutsitsa zawo. Inatsika injini ya kabwato kawo kophera nsomba, njinga zonse ziwiri, chitenti chapakhomo ndi mitengo yake, bokosi la zitsulo, ngakhale makatoni a mowa amene amati wa ku Croatia sungafanane nawo. Mabotolo ena tinawasamutsira pansi pakati pa kalavani, pamwamba pa matayala, ena m'buti ya galimoto pafupi ndi mipando. Tinabwerera pa sikelo kangapo, mlonda wa pamenepo akutiseka, mpaka kalavani inakhala bwino. Kenako mayiyo anati tsopano tiyeze galimoto ndi anthu ake, ndipo anandiuza kuti ndikwere chifukwa Bambo anandiwerengera kale pa ulendowu. Taonani achimwene, munthu kundiika pa ulendo wa kunyanja osandifunsa, ngati thumba la mbatata. Ndinakwera.

Atatha kuwerenga manambala, anauza Bambo kuti zatheka, ndipo malo a munthu wachitatu amene Bambowo anapempha atsala, makilogalamu makumi asanu ndi anayi. Kukayikira kwanga konse kunadzukanso. Ndinamuyang'ana mayiyo kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Usandiyeze ndi maso iwe. Ine ndili ndi mwamuna kunyumba, ndipo nyanja imandichititsa mseru."

Ndinatembenukira kwa Bambo, amene anali akupukuta galasi loyera kale.

"Ndi a Radim," anatero osandiyang'ana. "Mwina angafune."

Ndinawafunsa ngati anakuuzani. Anati ayi, mwana akafuna amabwera yekha, ndipo anandiletsa kukuvutitsani chifukwa muli ndi ntchito yambiri. Achimwene, injini ya bwato ija ikanakwana bwinobwino m'malo amenewo. Mukudziwa kuti Bambo kunyanja popanda kuwedza nsomba ndi munthu wosowa pogwira. Aisiya m'shedi chifukwa cha mpando wa munthu amene sanamuitane.

Sindikukumbutsani za maliro kuti ndikulaseni. Ndikudziwa kuti ndege munaisowa, ndipo munalira pafoni ine ndikumva. Koma Bambo sanakuoneni chimwalirireni Amayi, ndipo dzina lanu salitchula kawirikawiri, zimene kwa iwo zikutanthauza kuti limakhala pakamwa tsiku lonse. Galimoto yotuwa ija agula Lolemba. Ndinapita nawo, ndinasuzumira pansi pake, ndinanunkhiza mipando, ndinafunsa dokotala wa ziwetoyo mafunso mpaka anandifunsa ngati ndimagwira ntchito kupolisi. Sindinapeze cholakwa, ngakhale kuti munthu wogulitsa galimoto yabwino chotere ndimamukayikirabe. Mayeso a Bambo ali kumapeto kwa mwezi uno. Mayi Holubová akuti pokhota kumanja akadali kudya ngodya, koma akhoza. Mayiyo sindinamumasukirebe kwenikweni, amawatchula Bambo kuti "a Vlasta" ngati anakulira limodzi, ndiye diso langa likadali pa iye.

Tikunyamuka Loweruka loyamba la Ogasiti m'mamawa. Ine ndikuopa ulendowu, ndikuopa mapiri aja, ndipo koposa zonse ndikuopa nthawi imene Mayi Halina adzathamangire kalavani yachikasu akuitana dzina la Amayi. Sindikudziwa ngati ndidzathe kuwagwira Bambo ndekha pamenepo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikuchikayikirabe. Bambo atandiletsa kukulemberani, madzulo ake anandifunsa ngati adiresi yanu ikadali yomwe ija, ndipo m'mawa ndinapeza masitampa a kunja patebulo langa, iwo akuti anangowatola m'kabati. Masitampa atsopano, achimwene. Ndiye mwina sikelo ija, mlonda uja ndi ine, tonse tinangokhala zida m'manja mwa nkhalamba yochenjera. Ngati ndi choncho, yapambana, kalata ndi imeneyi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, ndipo ana muwapsompsone m'malo mwanga. A Luboš akupereka moni, Mayi Vondrová nawonso, ngakhale kuti awo akungofuna kudziwa zimene ndalemba. Bambo sanapereke moni chifukwa sakudziwa kuti ndikulemba, kapena akunamizira kusadziwa. Pachithunzi chimene munatumiza pa Khirisimasi mukuoneka kuti mwadutsa makilogalamu makumi asanu ndi anayi aja. Muli ndi milungu ingapo, chepetsani buledi. Ngati zikanika bwerani choncho, ine nditsitsa sutikesi yanga, koma botolo la Amayi silitsika ngakhale limodzi.

Ndine mlongo wanu wokusungirani mpando wapazenera,
Zdena